Ababa Sanasochere

Noxon, Montana
Ogasiti, 1996

Wokondedwa mlongo wanga Wendell,

Choyamba ndimve za moyo wako uko pakati pa nyanja. Kodi chifuwa chija chinatha, kapena ukukhosomolabe n'kumanamiza anthu kuti ndi fumbi? Fumbi lake lochokera kuti pamadzi? Nanga mlamu wanga Corinne ndi ana ali bwanji ku Houma?

Kuno tadzuka tonse. Alamu ako a Duane ali bwino, mimba ikungokulirakulira, pakamwa osatseka monga mwa masiku onse. Ababa nawonso ali bwino, ndipo lero ndikulemba mawu amenewa ndikutsimikiza.

Ndasankha kalata chifukwa foni ya pachitsime cha mafuta chanucho imaduladula, komanso iwe sulola munthu amalize zimene akunena. Khala pansi, uwerenge mpaka kumapeto. Malo aja unawapezera Ababa kunyumba yosungirako okalamba ku Missoula, usachitenso nawo kanthu. Ndine ndinakuimbira ndikulira kuti mutu wawo wasokonekera ndipo sangakhalenso okha, iwe n'kuthamanga kukonza mapepala. Sindikukuimba mlandu. Koma zinthu sizili momwe ndinakuuzira.

Pafoni paja ndinkalankhula modukizadukiza, ndiye ndiyambe poyambira.

Chimwalirireni Amayi mu Febuluwale, Ababa anasanduka munthu wachete. Ndinkawapeza atakhala kukhitchini, khofi atazizira m'kapu, maso ali pampando wa Amayi. Thupi linatsika mpaka lamba anamubowola malo ena. Ine ndiye ndinayamba kuwalonda. Akafunafuna magalasi ali pamphumi, ndinkasunga mumtima. Akanditchula dzina la Amayi, ndinkasunganso. Ndinawaletsa kukwera mapiri chifukwa cha bondo lija, iwo n'kuvomera msangamsanga, ndipo pamenepo ndiye ndikanayenera kukayikira.

Udziwenso kuti chaka chino hakoberi, tizipatso takuda ta m'mapiri tija, kulibe. Mvula inadula molawirira, utsi wa moto wa m'nkhalango unakuta chigwa chonse, ndipo anthu akumabwera kumapiri ndi zitini zogubuduka. A Verna Tollefson, aneba a Ababa aja, amene anayamba kuthyola ife tisanabadwe, ankauza aliyense kuti ngakhale zimbalangondo zatsikira m'mabini a zinyalala chifukwa cha njala. Choncho nkhani ya zipatso inali kutali ndi mutu wanga.

Lachiwiri lija ndinapita masana ndi mphika wa supu. Ndinapeza pakhomo pali zii, pikapu yabuluu palibe. Ndinadikira, ndinatsuka mbale, ndinadikirabe. Kenako woyendetsa lole ya mitengo wina anaima pomwetsera mafuta n'kunena kuti waona pikapuyo itaimikidwa m'mbali mwa msewu wa Pilgrim, mulibe munthu. Ndinaimbira Kip Sorley, amene munkamenyana naye kusukulu uja. Pano ndi wapolisi, ndipo dazi lamufika pakati pamutu.

Anthu anasonkhana mwachangu, azibambo a kutchalitchi, Duane, a Verna ndi ndodo yawo, mpaka ena amene sanalankhulanepo ndi Ababa chiyambire. Tinakwera phiri kuchokera pomwe panali galimoto, tikuitana. Ndinafuula mpaka mawu anasasa. M'mutu mwanga munali chimbalangondo, munali bondo lothyoka, munali munthu wokalamba atagona chafufumimba m'khwawa. Sindinachitepo mantha otere, Wendell, ngakhale tsiku lija Amayi anagwa kubafa.

Dzuwa litapendeka tinangoona munthu akubwera mumsewu kuchokera kumunsi, mbali imene sitinafufuzeko n'komwe. Anali Ababa, akutsimphina, manja ali lende, buluku litanyowa mpaka m'mawondo. Anapereka moni kwa aliyense ngati akutuluka m'tchalitchi.

Kip atawafunsa kumene anali, anati anapita kumtsinje wa Bull kukaona nsomba. Iwe ukudziwa kuti mtsinje wa Bull uli tsidya lina la chigwa, kosafikika wapansi. A Verna anawagwira manja n'kuwatembenuza uku ndi uku, ine n'kumati mayi wachifundo akuona ngati avulala. Manja anali oyera.

Kuchipatala, dokotala anawafunsa dzina, chaka, mwezi, zonse anayankha bwinobwino. Atawafunsa kumene anaswera, anati anakayang'ana nkhuni kufupi ndi damu. Dokotala anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Pobwerera, tili awiriwiri m'galimoto, ndinawafunsa modekha kuti Ababa, ndiuzeni ine mwana wanu, munali kuti? Anayang'ana pawindo nthawi yaitali, kenako anati, "Sindikukumbuka."

Mawu amenewo ndi amene anandithyola. Duane anatenga pikapu n'kukaitsekera kwathu, ine ndinagona kwa Ababa. M'mawa podzuka ndinapeza bedi lawo loyala, kanjinga kamoto ka matayala anayi kaja kulibe. Anatulukira dzuwa litakwera, n'kunena kuti amakaona m'mene kunja kwachera.

Tsiku lomwelo ndinaona kuti kamtsuko ka mkuwa ka phulusa la Amayi, lija anatipatsa atawotcha thupi lawo, palibe pamwamba pa kabati. Nditafunsa, anangoti, "Ali pabwino," n'kutuluka kukadyetsa nkhuku. Ndinafufuza m'nyumba monse. Ndinafika potsegula bini ya zinyalala n'kumavundula ndi manja, kufunafuna mayi anga. Ndi pamene ndinakuimbira.

Masiku otsatira sitinkalankhulana kwenikweni. Ine ndinkabwera m'mawa ndi madzulo, kuzimitsa izi, kutseka izo, iwo akundiyang'ana ndi diso la kumbali. Mapepala ako anafika pamodzi ndi kabuku ka zithunzi ka nyumba ya okalamba ija. Ndinakasunga m'chikwama, mtima wokawaonetsa osaupeza.

Dzulo m'mawa ndinalimba mtima. Njira yonse ndinkayeseza zokanena: tingokaonako, ndi malo abwino, muzikacheza ndi anzanu. Nditatsegula chitseko ndinakumana ndi utsi. Ababa anali ataima pakati pa khitchini, atavala epuloni ya Amayi ya maluwa achikasu ija, m'manja atanyamula chiwaya chakuda chachitsulo chikufuka. Mumtima ndinati basi, lero akanapsera m'nyumba.

Ndinathamangira kutsegula windo. Pamenepo munthu amene wakhala akuyankhula monong'ona miyezi yonseyi anandikalipira ndi mawu ake akale aja, oti umawamva uli kumsewu. "Tseka windo, mwana iwe! Ukufuna Verna anunkhize?"

Ndinaima, dzanja lili pawindo. Ndiyeno pansi pa fungo la zopserera ndinamva fungo lina. Iwe ukulidziwa, sindikufunika kukufotokozera. Ndinayang'ana m'chiwaya, ndipo m'mbali mwa makala amenewo munali madzi ofiirira akuwira.

Ndinafunsa kuti hakoberi mwazitenga kuti, poti za chaka chatha tinamaliza pamaliro. Anaika chiwaya pansi, n'kundikodola kuti ndiwatsatire kugalaja. Anatsegula firiji yaikulu ija, n'kuyamba kuchotsa mapaketi a nyama ya gwape mmodzimmodzi. Pansi penipeni panali timatumba todzaza hakoberi, zikuluzikulu, zakuda, zina zikadali ndi timasamba. Wendell, m'chaka chimene chigwa chonse chikulira kuti kulibe kanthu.

Anati ndikhale pa ndowa, koma ndilumbire kaye kuti mwamuna wanga samva. Ndinalumbira. Duane ndimamukonda, koma tonse tikudziwa kuti chimene wamva m'mawa, pofika masana chimakhala chitafika ku Idaho.

Ukukumbuka Loweruka lija la mu Ogasiti chaka chilichonse, pamene Ababa ndi Amayi ankatisiya kwa azakhali a Ardis n'kunena kuti akupita ku Sandpoint kukagula nsapato za sukulu? Unayamba wadzifunsapo chifukwa chake nsapatozo tinkakagulanso tonse sabata yotsatira? Ife ankatitengera kotola tizipatso ta m'mbali mwa msewu, kumene aliyense amapita. Malo enieni anawapeza awiriwiri chaka chimene anakwatirana, kakhwawa kobisika kokhala ndi kasupe, kumene dzuwa silifika msanga. Akuti kumeneko kumabereka ngakhale chilala chitavuta bwanji, ndipo kwa zaka zoposa makumi asanu sanauzepo munthu.

Akuti malamulo ake anaika ndi Amayi. Galimoto uziimika kutali, mbali ina ya phiri, kuti wokulonda akwere kolakwika. Uzivala magolovesi a labala pothyola kuti zala zisakuulule. Usadye ngakhale imodzi, chifukwa lilime lofiirira silibisika. Mayi athu omwe aja, oimba kwaya, ophunzitsa Sande sukulu. Ndinaseka ndisakufuna.

Tsono Lachiwiri lija, akuti pobwerera ndi zitini zodzaza anasuzumira m'mitengo n'kuona khamu litazungulira pikapu. Anayang'ana nkhope imodziimodzi. "Theka la anthu ankafuula dzina langa aja, maso awo anali patchire," anatero. "Verna uja anatilondapo ine ndi amayi ako tsiku lathunthu, iwe uli wakhanda. Ukuganiza kuti ankagwira manja anga chifukwa cha chikondi?"

Ndiye m'malo motulukira, anazungulira phiri ndi bondo lawolo, anabisa zitini m'madzi ozizira pansi pa kalavati, n'kudzera kumunsi kuti asokoneze anthu. Ulendo wa kanjinga m'mawa mwake unali wokatenga zitinizo chimbalangondo chisanazipeze.

Apa ndiye mkwiyo unandikwera. Ndinafunsa ngati sanandimve ndikufuula mpaka kusasa mawu. Anati anandimva, ndipo zinawapweteka. Akuti ndikanakhala kuti sindinalipo, akanakhala phee m'tchire mpaka anthu atatopa n'kubalalika. Anazinena ngati andichitira chifundo chachikulu.

Ndinati chabwino, Kip munamunamiza, dokotala munamunamiza, nanga ine bwanji munandiuza kuti simukukumbuka? Anakanda m'mutu. Akuti Kip ndi dokotala ndi anthu apadera, kuwatchulira malo abodza si nkhani. Koma mwana wawo sakanatha kumutchulira malo abodza, ndipo zoona sakanatha kunena chifukwa ndinali nditawaletsa kukwera phiri. Choncho anasankha bodza limene ankaliona ngati laling'ono.

Ndinawauza kuti bodza lawo laling'onolo linatsala pang'ono kuwalanditsa nyumba. Sanamvetse. Tinabwerera kukhitchini, ndinatsegula chikwama, n'kuika mapepala ako ndi kabuku kaja patebulo.

Anavala magalasi. Anawerenga pang'onopang'ono, mlomo ukugwedezeka monga amachitira ndi nyuzipepala. Anayang'anitsitsa chithunzi cha nkhalamba zitakhala mozungulira pakapinga, zikuponyerana mpira. Kenako anafunsa kuti, "Wendell nayenso wavomereza?" Ndinati tonse awiri, koma woyambitsa ndine. Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi epuloni ya Amayi, ndipo anafunsa motsitsa mawu kuti nanga nkhuku za amayi ako zikanapita kuti.

Mkwiyo wonse unathera pomwepo. Iwo sankadziwa n'komwe kuti zafika pamenepo. Ankaganiza kuti ndangokwiya chifukwa cha galimoto, ndipo ndikhululuka ndikalawa kobola, keke ya hakoberi ija ankaphika Amayi. Ndi chifukwa chake anadzuka m'mamawa kuti aphike, andidzidzimutse. Ndinachita manyazi, ndinawamveranso chisoni, koma pansi pa zonsezo mtima wanga unali ukutsika pang'onopang'ono. Munthu woiwalaiwala sangapange chiwembu chotalika chonchi.

Ndinapukuta m'maso. Kuti tichoke pamenepo ndinati tiyeni tione chimene mwachilakwira chiwaya cha Amayi.

Zipatso amazidziwa, koma kuphika ayi. Zaka zonsezi ntchito yawo inali kukhala pampando ndi supuni m'manja, kudikira. Uvuni anaukweza mpaka pamapeto, ati kuti zipse a Verna asanadzuke. Shuga anathira mumtanda yense. Ndinapala makala aja ndi mpeni, iwo akudandaula kumbuyo kwanga kuti apo patayika hakoberi za theka la m'mawa.

Tinayambiranso. Ndinapaka batala m'chiwaya, iwo n'kubweretsa kathumba kena. Nditatenga kapu yoyezera anandiletsa, ati si imeneyo, Amayi ankayezera kapu yabuluu yobenthuka mkamwa, ili kuseri kwa chitini cha ufa. Ndinaipeza pomwepo. Nditatapa shuga anati ndichepetse, chifukwa chaka cha chilala zipatso zimatsekemera zokha, ndipo Amayi ankati shuga wambiri amapha kukoma kwa phiri. Anandikumbutsanso ndimu, ndisanafike n'komwe pamenepo.

Sindiname, ndinkawayesa. Ndinafunsa dala kuti kodi chiwayachi chinachokera kuti. Anandiuza kuti chinali cha agogo aakazi a ku Minot, chinabwera pasitima chitakulungidwa m'bulangeti, ndipo chogwirira chinang'aluka tsiku limene iwe unachigwetsa pofuna kuswera mtedza. Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Wamaliza mayeso ako, adokotala, kapena ndikuuzenso tsiku limene unaba galimoto yanga kupita kudansi ku Heron?" Ndinasiyira pomwepo.

Ndinathira hakoberi m'chiwaya, ndinafinyira ndimu. Ndinasakaniza ufa, batala, mkaka, kamchere ndi ufa wotupitsa, n'kuyala mtandawo pamwamba osavundula. Ndinawaza shuga wotsala uja. Kenako ndinatenga ketulo ya madzi owira.

Ababa anandigwira mkono. Anati zimenezo anaziwonapo Amayi akuchita, koma ankayesa kuti maso akuwanamiza, chifukwa munthu wanzeru sangathire madzi pa keke. Ndinati chotsani dzanja, madzi amenewa ndi amene amasungunula shuga kuti pamwamba pakhale khirichikhirichi. Ndinathira pang'onopang'ono kudzera kumsana kwa supuni, monga Amayi anandiphunzitsira ndili wamng'ono, nditaima pampando. Iwo anapukusa mutu, ati zaka zonsezi akhala akudya madzi osadziwa.

Titalowetsa chiwaya mu uvuni, ndinathira khofi, ndipo tinakhala pansi. Ndinali nditatsala ndi funso limodzi. Ndinati Ababa, Amayi ali kuti?

Apa usathamange, Wendell, werenga bwinobwino.

Akuti kuyambira chaka chimene anapeza malowo, Amayi sanaphonyepo ulendo woyamba wokathyola, ngakhale chaka chimene anali ndi pakati pa iwe. Ndiye Lachiwiri lija sakanatha kupita okha n'kuwasiya pakabati. Anaika kamtsuko m'chikwama cha kumsana n'kukwera nawo. Atafika anawakhazika pamwala pafupi ndi kasupe, iwo n'kumathyola, akuwauza nkhani zonse za m'chigwa. Akuti tsiku limenelo analankhula kwambiri kuposa miyezi yonse yapitayi.

Pobwerera, zitini zinali zolemera, bondo litatupa. Anayesa kunyamula zonse, zinakanika. Anayenera kusiya chimodzi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ukuwadziwa amayi ako. Ndikanasiya zipatso n'kunyamula iwo, akanandinyoza njira yonse."

Ndinaseka, misozi ikutsika, mpaka khofi anandipalira. Iwonso anaseka, koyamba chimwalirireni Amayi.

Kenako anandiuza zimene sanatiuzepo. Akuti ali kuchipatala masiku omaliza aja, Amayi anawapempha kuti phulusa lawo likamwazidwe pakasupe pamenepo, koma ana onse awiri alipo, kuti malowo asafe ndi makolo. Ababa anavomera. Koma miyezi yonseyi ankalephera kutiuza, chifukwa kunena kunali ngati kuvomera kuti Amayi apitadi, komanso kuti iwo eni ake ayamba kutsanzika.

Kamtsuko sanakatsegule. Anakakulunga m'jekete lawo la mvula, n'kukaika m'phanga la tsinde la mkungudza, n'kutsekapo ndi miyala. Anati, "Amayi anu ali kumeneko, akudikira inu awiri. Ine ndikhoza kukweranso kamodzi. Kawiri sindikulonjeza."

Ndinawafunsa kuti ndi kuti kwenikweni, kuti mwina china chitachitika tidziwe. Anamwa khofi, n'kuloza ndi chibwano kukhoma, ati kumtunda. Ndinati kumtunda kwake kuti, mapiri atizungulira mbali zonse. Anati malo amenewo satchulidwa pakamwa ndipo salembedwa papepala, munthu amachita kukuonetsa ndi mapazi. Ndipo akationetsa tonse limodzi, kuti pasadzakhale wonena kuti Ababa ankakondera.

Fungo linadzaza nyumba. Titatulutsa chiwaya, pamwamba panali pofiirira bwino, madzi a zipatso akubwadamuka m'mbali. Ababa anagogoda ndi supuni, panalira. Sanadikire kuti zizizire. Anatapa pakona, paja Amayi ankayambira, anapsa lilime, n'kupitiriza. Anadya mbale ziwiri, munthu amene ndakhala ndikumunyengerera supu ngati mwana.

Tili mkati modya, kunamveka kugogoda. A Verna, ati abwera kudzabwereka makwerero, mphuno ili m'mwamba. Ababa anawalandira mwaulemu wonse, n'kuwapatsa mbale, ati ndi zotsala za chaka chatha zimene anazipeza pansi pa firiji. A Verna anatafuna pang'onopang'ono, anayang'ana Ababa, n'kunena kuti, "Arvid, ndiwe nkhalamba yabodza. Izi sizinagonepo m'firiji mwezi." Ababa anati pa msinkhu wawo zinthu zambiri sakuzikumbuka. A Verna anapita osatenga makwerero.

Usaganize kuti ndayamba kuona zonse ngati zabwino. Ababa akalamba. Bondo lija latupa ngati dzungu, ndipo zimene anachita zikanatha kuwaphetsa. Ndawauza zimenezi mosapsatira. Tagwirizana kuti makiyi a pikapu ndiwabwezera, koma kuphiri sapitanso okha, ndipo kwa dokotala tibwererako kuti akaone bondolo. Ati akamuuza dokotala zoona zonse kupatula malo. Mapepala ako ndinawasiya patebulo, ndipo pochoka ndinaona atayalapo makoko a ndimu.

Koma mutu wawo uli bwinobwino, mlongo wanga. Ndi wouma monga kale, wochenjera monga kale. Usiku wathawu ndagona tulo koyamba chichokereni Lachiwiri lija, mpaka Duane anachita kundigwedeza kuti aone ngati ndikupuma.

Tsono pempho langa ndi ili. Bwera. Ndikudziwa kuti tchuthi unasungira Khirisimasi, ndikudziwa kuti abwana ako ndi ovuta, ndikudziwanso kuti kuyambira pamaliro sukufuna kulowa m'nyumba ija Amayi mulibe. Ndinakuona m'mene unathawira m'mawa mwake osamwa ndi khofi yemwe. Sindinakunene nthawi imeneyo ndipo sindikukunena lero. Koma Khirisimasi ndi kutali. Kumtunda chipale chofewa chimayamba kugwa Seputembala asanathe, misewu n'kutsekeka mpaka chaka chamawa. Munthu mmodzi yekha padziko lapansi ndi amene akudziwa pamene pali mayi athu, ndipo ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi bondo limodzi.

Uwaimbirenso foni usanabwere. Funso lija, loti Wendell nayenso wavomereza, silinawachoke. Sakuuza, koma ine ndinaona nkhope yawo. Usachite kupepesa ndi mawu ambiri, nonse awiri simuzitha zimenezo. Ungowafunsa kuti ubwere ndi nsapato zotani.

Ubwere ndi nsapato zokwerera phiri, osati zoterera za mumzinda zija. Zitini ndi magolovesi zilipo. Ababa ati tidzanyamuka kusanache, galimoto tidzaimika kolakwika, ndipo ukadzadya ngakhale imodzi m'njira adzakubweza. Ndakusungira chigawo cha kobola, ndachikulunga bwino n'kuchibisa pansi pa nyama ya gwape. Ukachedwa sindikulonjeza kuti uchipeza, chifukwa mwini firiji akudziwa pamene chili.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Corinne, umuuze kuti juzi imene anatumizira Ababa akuivala tsiku lililonse ngakhale kukutentha. Uwapsompsone Tessa ndi Boyd, uwauze kuti agogo awo akuwafunsa. Azakhali a Ardis akupereka moni. Nditawafunsa za Loweruka la nsapato lija anangoseka, ati iwo ankalipidwa chitini chimodzi chaka chilichonse kuti asafunse mafunso.

Duane nayenso akuti moni. Dzulo madzulo ndinamutengera kambale, anadya mpaka kunyambita supuni, kenako anandiyang'ana lilime langa lofiirira n'kufunsa kuti hakoberi zatsopano chonchi zachokera kuti chaka chouma ngati chino. Ndinayang'ana pawindo, n'kumuuza kuti sindikukumbuka.

Mulungu akusunge pamadzipo, akuchiritse chifuwa, ndipo akufikitse kuno chipale chisanagwe.

Ndine mlongo wako wokukonda,
Marlys